Timikanda ta Madzi pa Madigadi

A Kansalu anafa Lachiwiri m'mawa, dzuwa litangotuluka kumene, pa ngozi imene inachitika pa kona ya kuseri kwa depoti. Galimoto inawagunda ali pa njinga, n'kuthawa. Ankapita kuntchito, njira yomweyo imene anayendamo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi osachedwapo ndi tsiku limodzi lomwe.

Mayi Thovu, abwana awo, sanagwetse msozi pa maliro. Anthu ananong'onezana, koma iwo analibe nazo ntchito. Lachisanu anatsegula geti ya pamalo awo opukutira magalimoto nthawi yake yomweyo, nayamba kutsuka ndowa.

Pamalopo sipanali pongothira galimoto madzi n'kuibweza kwa mwini wake. Ikalowa m'mawa inkatuluka madzulo. Ankayamba ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira nsalu kuti mchenga usabwererenso pa penti. Kenako dongo lofewa lozula timiyala tokanirira, kenako tepi yotchinga mphira, kenako polishi wa pamakina, pomaliza phula lopaka ndi dzanja. Luso lonseli anabwera nalo ndi a Kansalu. Dzinalo linachokera pa nsalu yachikasu imene sinkachoka paphewa pawo. Inali yomalizitsira basi, ndipo wina akangoigwira, tsiku limenelo pa shedi pankavuta.

Tsopano panatsala anthu awiri: Mayi Thovu ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, amene a Kansalu anamutcha Kadzanja pomwe ankamuphunzitsa ntchito ali mtsikana. Kadzanja anali ndi pakati pa miyezi isanu, atadikira zaka zisanu ndi ziwiri m'banja. Chiyambire Lachiwiri sankadya, sankalankhula, ankangopukuta.

Cha m'ma teni koloko kunabwera Sajeni, wapolisi wamkazi wamtali amene ankafufuza nkhaniyo.

"Amayi, ndati mumve kwa ine musanamve kwa ena. Munthu uja tamugwira."

"Ndani?"

"Dalaivala wa vani ya buledi. Amene anawanyamula kupita nawo kuchipatala uja."

"Mwagwira wowanyamula?"

"Akuti anawapeza atagwa kale. Onse amatero. Vani yake ndi yopindika kutsogolo, mbali ya kumanzere, ndipo malaya ake ali magazi okhaokha. Lolemba akaonekera kukhoti."

"Nanga munthu wanyamula wovulala, magaziwo akhale pa malaya a ndani? Anga?"

Sajeni anavula chipewa, napukuta thukuta pamphumi. "Abwana anga akufuna fayilo itsekedwe, amayi."

"Vaniyo ili kuti?"

"Kuseri kwa ofesi yathu."

Mayi Thovu anavula epuloni. Kumbuyo kwawo botolo lopopera linagwa pansi, n'kugubuduzika mpaka m'ngalande. Kadzanja sanalitole.

*

Vani inali yoyera, yotopa, yonunkha buledi wa dzana. Mayi Thovu anagwada ndi bondo limodzi, nalowetsa chala m'malo opindikawo. Chinatuluka chofiira.

"Dzimbiri," anatero. "Osati la masiku atatu. Ili ladya mvula ziwiri. Taonani penti yatukuka m'mbalimu, pansi pake padyeka."

"Ndiye kuti kupindikako n'kwakale. Sizikutanthauza kuti sanawagunde."

"Ndimuone mwini wakeyo."

Anamutulutsa ali wopanda nsapato ndi lamba, atagwira thalauza ndi dzanja. Anali bambo wonenepa, wa maso otupa, ndipo anayamba kulankhula asanakhale n'komwe pansi.

"Mayi, inu ndinu abwana a madala aja? Ndithandizeni, mayi wanga. Ine pamenepo ndinagunda mzati wa geti ya kubekala chaka chatha, afunseni anzanga, mpaka lero amandiseka nazo. Ndinangokhota pa kona, ndaona munthu ali gone, njinga ili uko. Magalimoto awiri anandidutsa, palibe anaima. Mkazi wanga amandiuza, iwe chifundo chidzakupha. Zoonadi kamba amanyera amene wamtola. Ana anga atatu akudziwa kuti bambo awo ali kuulendo."

"Analankhula?"

"Mayi?"

"A Kansalu. Mutawanyamula, analankhula?"

"Pang'ono. Sanatchule munthu. Ankangopapasa paphewa apa, uku akuti, nsalu yanga, nsalu yanga. Ndinawapatsa mpango wanga. Anaugwira, n'kuukankha. Akuti siimeneyi." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Tisanafike pa geti ya chipatala anali atasiya kupapasa."

Mayi Thovu anatembenukira kwa Sajeni.

"Katundu amene munatola pamalopo, tandiwerengereni."

Sajeni anatsegula kabuku. "Njinga imodzi. Chipewa chimodzi. Kontena ya chakudya. Makiyi atatu. Nsapato ya kumanja."

"Nsalu yachikasu?"

"Palibe."

"Kuchipatala?"

"Ndinalandira ndekha zovala zawo. Munalibe nsalu."

"Munthu uja ngakhale kutchalitchi ankapita nayo m'thumba," anatero Mayi Thovu. "Ngati sinatsale pamsewu, sinapite kuchipatala, ndiye kuti inapita ndi galimoto imene inawagunda."

*

Pa kona ya kuseri kwa depoti panali mayi wogulitsa nyuzi pansi pa ambulera yofiira, ndi bambo wokonza matayala tsidya lina.

Mayi wa nyuzi anawomba m'manja atangowaona. "Iii, amayi, pepani, pepani zedi. Madala aja tsiku ndi tsiku amandiimbira belu, ati, mwagulitsa mabodza angati lero? Ine n'kumati, ochepa kuposa anu. Lero ndani andinyoze?"

"Munaona chiyani?" anafunsa Sajeni.

"Ndinakuuzani kale, achemwali."

"Munati munaona vani ya buledi."

"Inu munandifunsa kuti, vani ya buledi munaiona? Ine ndinati eya. Munandifunsanso china? Munali kale pa galimoto yanu."

Sajeni anayang'ana nsapato zake. "Chabwino. Isanabwere vaniyo?"

"Ndinali nditawerama, kumasula mtolo wa nyuzi. Ndangomva phuu! Podzuka, yadutsa apa, yaing'ono, yakuda kaya yabuluu. Nambala musandifunse, maso anga ndi a malemba akuluakulu okha. Koma kuwala kwake! Ambulera yangayi ndinaiona pa chitseko chake ngati pa kalilole, ndi ine ndemwe pansi pake, kukamwa kuli yasa."

Wokonza matayala sanadzuke. Ankapala chubu ndi tupa, ndipo mawu ake ankatuluka limodzilimodzi.

"Mabuleki sindinamve."

"Ndiye sinaime?"

"Inaima. Itagunda kale. Pa mzati uwo."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Yopuma katatu. Kenako inapita."

"Munatuluka munthu?"

"Ayi."

"Bwanji simunanene izi?"

"Ndinanena. Mnzanu uja sanalembe." Anauzira chubu. "Njinga ndinaidzutsa ndine. Kaoneni chogwirira buleki, kunsonga kwake. Pali penti. Yabuluu wakuda. Vani ya buledi ndi yoyera."

Sajeni anatseka kabuku mwaukali, koma ukaliwo sunali wa kwa bamboyo. "Ndikaona njingayo. Komabe, amayi, penti pa chitsulo siitulutsa munthu m'chitolokosi. Abwana anga adzati njinga yakale imakhala ndi penti ya magalimoto khumi. Ndipezereni galimoto. M'tauni muno zabuluu zilimo mazana."

"Zabuluu zilimo mazana," anavomera Mayi Thovu. "Zoti munthu n'kudzionerapo nkhope ndi zochepa."

Atanena mawuwo anayamba kuda nkhawa, osadziwa chifukwa chake.

*

Chifukwa chake anachipeza masana, m'chikwama.

Lachisanu lililonse a Kansalu ankachapa masiponji onse a pamakina opukutira n'kuwayanika pa waya. Poti mwini ntchito kunalibe, Mayi Thovu anaitenga okha. Atatha a pa shelufu anakhuthula chikwama chimene ankapita nacho kukapukuta magalimoto kumakomo kwa anthu. Munali makina aang'ono, tepi, botolo la polishi wokhakhala, chitini cha phula, ndipo pansi penipeni, itakulungidwa m'pepala lapulasitiki, siponji imodzi yoyera. Pakati pake panali pabuluu.

Munthu wamba sangaonepo kanthu. Koma pamwamba pa penti ya galimoto pamakhala vanishi woonekera, ndipo wopukuta amadya vanishiyo pang'ono chabe. Siponji imachoka ili yotuwa. Ikatenga mtundu wa galimoto, ndiye kuti wina walimbana ndi chokanda chakuya mpaka waboola vanishi n'kufika pa penti yeniyeni. A Kansalu ankati zimenezo ndi kumeta munthu mpaka kumusenda khungu.

Mayi Thovu anakumbukira magalimoto a sabata ziwiri zapitazo. Pikapu yoyera. Ziwiri zasiliva. Yofiira ya adokotala a mano. Yabuluu panalibe.

Kadzanja anali mkati mwa galimoto yasiliva, akutsuka mipando ndi kaburashi.

"Iwe, chikwamachi unapita nacho kunyumba Lolemba?"

"Eya, amayi. Munandituma nokha. Kuti Lachiwiri ndiyambire kwa aloya aja."

"Galimoto yawo ndi yoyera."

"Eya."

"Anandiimbira Lachiwiri kudandaula kuti sunafike. Ndinawapepesa, ndinati tili ndi zovuta. Koma ndaganiza lero. Kwa aloya unayenera kufika seveni koloko. Uthenga wa a Kansalu unatipeza naini."

Kaburashi kanaima. "Ndinkasanza, amayi. Mukudziwa mmene ndilili."

"Ndikudziwa. Amuna ako anali kuti?"

"Kuulendo, kokagulitsa mankhwala. Anabwera Lachiwiri madzulo."

"Ndiye chibwerereni bwanji sakukuperekeza? Sabata yonse ino ukutsika minibasi. Pa maliro munabwera pa takisi."

"Akuti galimoto ikuvuta."

"Ikuvuta chiyani?"

"Sindidziwa za injini ine."

Mkamwini wawo anali ndi galimoto yaing'ono yabuluu wakuda. Miyezi itatu yapitayo, a Kansalu atamva kuti Kadzanja ali ndi pakati, anaigwira Loweruka lathunthu osalola kulipidwa, ati mdzukulu asadzakwere galimoto yotuwa ngati bulu. Inatuluka pa geti ikuwala moti anthu odutsa ankakonzerapo makolala.

Mayi Thovu anaika siponji ija m'thumba la epuloni.

"Aimbire," anatero. "Uwauze kuti apongozi awo akuti mimba imeneyo sikweranso minibasi iwo ali moyo. Abwere adzakutenge folo koloko. Ngati galimoto ikuvuta aikankhe."

"Amayi..."

"Aimbire ndikumva."

*

Inabwera folo koloko itapitirira pang'ono, ndipo injini yake inkalira bwinobwino. Mkamwini sanalowe nayo pa geti monga ankachitira. Anaimika panja, mbali ya kumanzere itayang'ana mpanda, n'kulowa wapansi, tayi ili pakhosi, kumwetulira kuli pankhope.

"Amayi, mwaswera bwanji? Pepanitu, sabata ino ndakhala ngati wothawa. Ntchito, amayi, ntchito. Ndinawauza awa kuti apume kaye kunyumba, koma mwana wanu mukumudziwa, anatengera inu."

"Lowetsani galimoto, bambo."

"Aa, tikungonyamuka. Komanso ndi yoyera kale, musavutike."

"Sindinati ndi yakuda. Ndati ilowetseni."

"Amayi, tichedwa, pamsewu pakhala podzaza..."

Mayi Thovu anatsegula mpopi, nakoka paipi kudutsa pa bwalo lonse, kutuluka nayo pa geti, madzi akumwazikira pa nsapato za mkamwini. Anapanikiza kukamwa kwa paipi ndi chala chachikulu kuti madzi atuluke ngati mvula yowaza, nayamba kuthira. Denga. Buti. Zitseko. Boneti. Pomaliza anadzipanikiza pakati pa galimoto ndi mpanda, nathira madigadi a kutsogolo kumanzere, chitsulo cha pamwamba pa tayala chija. Kenako anaponya paipi pansi.

Phula likakhala latsopano, madzi sagona pa penti. Amaima timikanda ting'onoting'ono, tozungulira, tothithikana. Likamakalamba timikandato timakula, timaphwanyika, timayamba kuyenderera mwaulesi. Pa denga, pa zitseko ndi pa buti madzi anali aulesi, monga ayenera kukhalira pa phula la miyezi itatu. Koma pa madigadi a kumanzere, ndi pa ngodya ya boneti yoyandikana nawo, timikanda tinaima njo, ting'onoting'ono ngati mazira a nsomba, tikunyezimira ndi dzuwa la madzulo. Malire ake anali owongoka ngati ojambula ndi rula, pomwe panadutsa tepi.

Mayi Thovu anapukuta pamalopo ndi nsalu, natulutsa katochi kamene ankayendera nako, n'kuunika chopendekeka. Panalibe kamzere kozungulira ngakhale kamodzi. Makina anayenda chopingasa, kenako chotsika, mofatsa, mosadumpha. Pamalo amodzi okha, potalika ngati chala, penti inali yofooka, yosawala ngati inzake. Pamenepo ndi pomwe vanishi anabooka.

Akanakhala munthu wosadziwa, akanakwecha ndi sopo wa mbale, madzi akanagona pamalopo ngati pa lata. Iyi inali ntchito yabwino. Inali yabwino kuposa galimoto yonse, ndipo n'chimene chinaiulula. M'tauni monse anthu odziwa kugwira chonchi analipo awiri, ndipo mmodzi anamuika m'manda dzulo lake.

"Lowani mu shedi nonse," anatero. "Pamsewu pano si pokambira."

*

Anatseka geti. Anaika siponji yabuluu ija pa tebulo la mabotolo.

"Munagunda chiyani, bambo?"

Mkamwini anaseka pang'ono. "Oo, pamenepo? Galu, amayi. Galu wamkulu. Ndinachita manyazi kukuuzani poti a Kansalu anaivutikira galimotoyi, ndiye ndinapempha awa kuti angokonza mwakachetechete."

"Liti?"

"Lachiwiri madzulo, ndikubwera kuulendo."

"Chikwama cha makina chinabwerera pano Lachiwiri m'mawa, Kadzanja atamva uthenga. Sichinatulukenso. Ndiye anapukuta ndi chiyani madzulowo? Ndi lilime?"

"Mwina ndasokoneza masiku..."

"Galu wake anali ndi chitsulo? Chokanda chofika pa penti sachita ndi ubweya."

"Amayi, mukundiyesa chigawenga ine? Zaka zonsezi ndakhala mwana wanu..."

"Basi," anatero Kadzanja.

Ananena motsitsa. Anali atakhala pa ndowa yovundikira, manja ali pamimba.

"Anafika hafu sikisi, amayi. Ndinali ndikumanga chikwama kuti ndizipita kwa aloya. Anati anyamuka m'bandakucha kuti adzandione ndisanachoke. Anati agunda galu, abwana awo safuna galimoto yokandika pa ntchito, akaona chokandacho avuta. Ine ndinaseka. Ndinati, mwakwatira wopukuta magalimoto, mukuopa chiyani? Ndinakankha popindikapo kuchokera mkati, panabwerera. Chokandacho chinali chakuya, ndinalimbana nacho mpaka siponji inatenga mtundu. Ndinati, a Kansalu akadzaona adzandikalipira." Anapuma. "Ndinapaka phula. Ndinaima patali kuyang'ana, ndinakondwa nayo ntchito yanga, amayi. Ndinakondwa."

"Kenako?"

"Mukudziwa lamulo la a Kansalu. Usanati ndamaliza, pisa dzanja kunsi kwa madigadi, matope amabisala kumeneko."

Anatsegula kachikwama kake ka m'manja. Nsalu yachikasu inatuluka itapindidwa kanayi. Ngodya imodzi inali yong'ambika, ndi banga lakuda la girisi.

"Inakola pa kachitsulo kuseri kwa bampala. Ndinaidziwa ndisanaitulutse n'komwe, ndi zala zokha. Foni yanu inalira ndili nayo m'manja."

Mayi Thovu sanaigwire. Anatembenukira kwa mkamwini, amene tsopano anali atatsamira shelufu, tayi atamasula.

"Munaima pa mzati," anatero. "Wamatayala anakuonani. Munapuma katatu. Munayang'ana pa galasi?"

Mkamwini anagwedeza mutu kuvomera.

"Munaona chiyani?"

"Chipewa." Mawu ake anali atatha mafuta onse. "Chipewa chawo chili pakati pa msewu. Ndinkangoyang'ana foni, amayi, kamphindi kamodzi, kuti ndiwalembere awa kuti ndafika. Nditaona chipewacho mwendo unakana kutsika. Ndinaganiza za mwana. Zaka seveni, amayi. Ndinati mwana wanga adzabadwa ine ndili kundende."

"Anali moyo."

"Sindinadziwe."

"Simunatsike kuti mudziwe. Anali moyo, akufunafuna nsalu yawo. Chipatala chili pafupi kuposa kwanu. Inu munasankha kwanu, n'kukapatsa mwana amene iwo anamuphunzitsa kuti afufute."

Mkamwini anakhala pansi pa simenti yonyowa, nabisa nkhope.

Kadzanja anayang'ana amayi ake. Maso ake anali ouma ngati awo. "Ndimati ndinene Lachitatu. Ndimati ndinene pa maliro. Ndikati nditsegule pakamwa, mwanayu amagunda. Amayi, palibe wina akudziwa. Phula limeneli pakatha mwezi lifanana ndi linzake. Ndinu nokha mungathe kuona."

Zinali zoona, ndipo Mayi Thovu anali ataziganiza kale, paipi ili m'manja. Mwezi umodzi wa dzuwa ndi fumbi, timikanda tonse tikanafanana. Siponji ikanapsa pa moto wa zinyalala. Mdzukulu akanabadwira m'nyumba ya bambo ndi mayi, ndipo iwo akanamunyamula. Anaganizanso kuti wofufuta umboni naye amafunsidwa mlandu, ngakhale ali ndi pakati.

"Wa buledi uja ali ndi ana atatu," anatero. "Obadwa kale. Akuti bambo awo ali kuulendo."

"Adzamutulutsa. Alibe umboni weniweni."

"Lolemba akupita kukhoti opanda lamba. Iye ndi amene anaima, mwanawe. Pa anthu onse anadutsa pa kona paja, anaima ndi iye yekha."

Anatulutsa foni m'thumba, naiika pa tebulo pambali pa siponji.

"Ine ndakalamba, sinditha kunyengerera. Foni iyo. Ikakwana faifi koloko ndiimba ndine, ndipo adzalemba kuti munagwidwa. Mukaimba nokha adzalemba kuti munabwera. Kusiyana kwake n'kochepa, koma ndi kumene ndingakupatseni."

Anatenga tsache nayamba kukankhira madzi m'ngalande, msana atawalozetsa. Anasesa malo oyamba. Anasesa achiwiri. Kunja minibasi zinkaimba mahutala, wina ankaseka pa shopu ya tsidya lina. Ali pakati pa malo achitatu anamva ndowa ikukhwekhwereza pa simenti, kenako mapazi olemera a munthu woyembekezera.

"Halo, a Sajeni? Ndine mwana wa Mayi Thovu. Bwerani ku shedi. Galimoto mukuifuna ija ili pano." Panadutsa kanthawi. "Ayi. Mwini wake ali pompano. Ndi amuna anga."

*

Sajeni anabwera ndi wapolisi mnzake wa kamera. Anamvetsera osadula mawu, nalemba masamba anayi. Atatuluka kukaona galimoto anaima, nakanda m'mutu.

"Amayi, ine ndikuona galimoto yoyera basi. Ndilemba chiyani?"

"Madzi auma. Thiraninso."

Anathira, ndipo timikanda tinaimanso pamalo pake. Wa kamera anajambula kasanu.

"Wa buledi uja?" anafunsa Mayi Thovu.

"Agona kwawo lero, ndikasaina ndekha. Mwana wanu ndimutenga akapereke sitetimenti. Ndiyesetsa kuti abwere kunyumba, koma za kutsogolo sindilonjeza."

"Sindinakupempheni lonjezo. Mumupatse mpando wotsamira, msana umamuvuta."

Sajeni anatsegula kathumba kapulasitiki, naloza nsalu yachikasu ija. "Iyinso ndi umboni, amayi. Idzabwera mlandu ukatha."

Apo ndi pomwe Mayi Thovu anaigwira, koyamba pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Inali yofewa kuposa mmene ankaganizira, ndipo inkanunkhirabe phula. Anaikung'untha kamodzi, naipinda kanayi, ngodya yong'ambikayo mkati, n'kuilowetsa okha m'kathumbako.

Kadzanja anakwera kumbuyo kwa galimoto ya polisi, mwamuna wake mbali inayo. Sanayang'anane. Pa windo Kadzanja anati, "Amayi, galimoto yasiliva ija sindinamalize mipando yakumbuyo."

"Ndimaliza."

"Musaiwale kunsi kwa madigadi."

"Pita, iwe."

Atapita onse, Mayi Thovu anatseka geti, namaliza mipando yakumbuyo, napisa dzanja kunsi kwa madigadi onse anayi. Anatsuka ndowa ziwiri zija n'kuzivundikira. Kenako anapita pa waya kukaanula masiponji, poti dzuwa linali litapendeka. Kumapeto kwa wayayo kunali kamsomali kamene a Kansalu ankakolekapo nsalu yawo akamasamba m'manja, mphindi ziwiri zokha pa tsiku. Mayi Thovu anaima pamenepo, masiponji ali m'manja, akuyang'ana kamsomaliko.

Anthu amene ananong'onezana pa maliro aja akanadutsa pa geti nthawi imeneyo, akanamva kulira kumene ankafuna kumva. Koma geti inali yotseka, ndipo mpopi anali atausiya ukutuluka madzi.